Ndinaperekeza Asewere, Sitima N'kunyamula Ine

Amayi anzanga, ndiuzeni inuyo, kuperekeza mlendo kunasanduka mlandu liti? Chifukwa ine mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, ndipo musayambe kuseka ndisanamalize, a Nachisale, ndakuonani kale mano ali pamtunda.

Mukudziwa nonse kuti chaka chatha Tereza, mwana wanga namwino uja, anandiitanitsa kunja kuti ndikamulerere kamwana kake, Pempho, iye akamabwerera kuntchito. Benchi langa la kabichi ndi mbatatesi pano pa Linthipe ndinasiyira mng'ono wanga, ine uyo pandege. Koma chimene sindinakuuzeni n'chakuti ntchito yolerayo tinkalimbirana anthu awiri. Asewere anga a Nangozo, mayi awo a akamwini anga, aja ankaphunzitsa cha ku Kabwazi, akhala kumeneko zaka zisanu kwa mwana wawo wamkazi mbali ina ya tauni. Akamwini ankafuna kuti mwana azikasiyidwa kwa mayi awo, ati iwowo kumeneko akukudziwa. Tereza ndiye anakakamira kuti, "Ayi, amayi anga alera ana asanu ndi mmodzi, sangalephere kamodzi aka." Ndiye anagwirizana zondiyesa kaye mlungu umodzi. Ndikalephera, mwana kwa asewere, ine kubwerera ku kabichi miyezi yanga isanakwane. Ine Nabanda, kuyesedwa kulera mwana! Ndinangomeza mate, poti kunali kwa eni.

Lolemba m'mawa Tereza akutuluka anandiuza kuti, "Amayi, mkaka uli m'firiji, mumupatse 12 koloko. Ine ndifika 3 koloko. Chonde musatuluke naye panja mpaka ndidzakuonetseni mmene anthu amayendera kuno." Ndinayankha kuti ndamva, ndipo ndinamvadi.

Patangopita ola limodzi, belu la pakhomo n'kulira. Asewere! Thalauza, chikhoti chofika m'mawondo, magalasi ali pamphuno, ati angodutsa kudzaona mdzukulu. Kungodutsa, munthu wokhala kutsidya kwa tauni? Ndinawalandira bwinobwino, tiyi ndinawaphikira, koma ndinkawaona. Chala m'thewera la mwana, maso m'firiji, kenako, "Asewere, botolo ili munalitsuka ndi madzi otentha?" Ndinati eya, mumtima ndikuti mayi inu, muli kusukulu kulemba pabolodi ine ndinali ndi mwana wina kumbuyo wina kubere. Itakwana 11 koloko anaimirira n'kunena kuti, "Ndapita ine asewere, tsalani bwino. Musavutike n'kutuluka, kunjaku kukuzizira."

Pamenepo ndinadziwa kuti wafika msampha. Ndikhale pampando, mlendo adzitsekere yekha chitseko, mawa nkhani ili ku Kabwazi konse kuti a Nabanda atangokwera ndege mwambo anausiya pabwalo la ndege? Kwathu kuno ngakhale wodzapempha mchere timamutulutsa mpaka pamene njira yakhotera, ndiye asewere enieni? Komanso ndinaganiza kuti Tereza analetsa kutuluka, sanaletse kuperekeza, zimenezi n'zinthu ziwiri. Ndinabereka Pempho, kumufunditsa kabulangeti, kiyi wa nyumba kumanga pangodya ya chitenje, kuphazi masokosi ndi patapata. Foni ndinaisiya patebulo, nanga woperekeza amanyamula foni? Chikwama chawo ndinachita kulanda. Anati, "Ayi asewere, n'chopepuka," ine ndinati mlendo sanyamula katundu mwini nyumba manja ali lende.

Dera limene amakhala Tereza ndi la nyumba zokhazokha, zonse za njerwa zofiira, zonse zofanana, kapinga wometedwa, msewu uli zii ngati anthu anasamuka. Ukayenda pang'ono umafika pa siteshoni ya kasitima kawo kamagetsi, ka mabogi awiri okha, kamene kamayenda panjanji pakati pa nyumbazo kutenga anthu kupita nawo m'tauni. Ndikati siteshoni musaganize zazikulu. Kashedi kagalasi, benchi lachitsulo lozizira, makina a matikiti, ndi chithunzi chachikulu cha mayi wina akumwetulira, mano ali mbee, kaya amatsatsa chiyani. Wowotcha chimanga palibe, woitanira palibe, ngakhale munthu woti umufunse kuti bambo iyi ikupita kuti, palibe. Ine pozolowera kuti siteji iliyonse ili ndi chizindikiro chake, pamkuyu, pachigayo, pamjigo, ndinasunga mumtima kuti kwathu ndi pa mayi wa mano.

Tikungofika, kasitima kaja n'kutulukira mwakachetechete, kopanda hutala yomveka, kopanda utsi. Inu mukundidziwa, zaka zonsezi ndili pamsewu uwu, galimoto ikamaima thupi langa limayamba lokha kuthamanga. Ndani pano amene anandiposapo kufika pawindo la basi ndi beseni la tomato? Ndinamva asewere akunena zina zake kumbuyo, koma ndinati tikambirana ndikawagwirira malo. Bambo wina analowa, ine pambuyo pake, n'kuona mpando wabwino wapawindo, n'kuikapo chikwama kuti wina asakhalepo, ngakhale mipando yopanda anthu inali mbwee. Ndinatembenuka monyadira kuti ndiwaitane, n'kuona asewere ali panja akugwedeza manja onse awiri.

"Si imeneyo asewere! Yanga ikwerekera tsidya linalo! Tulukani!"

Ndinabwerera kukatenga chikwama, pajatu n'cha eni. Ndikufika pakhomo, kabelu kakuti ti-ti-ti, zitseko n'kudzitseka zokha pamphuno panga. Zokha, abale, popanda munthu kuzigwira! Sitima n'kunyamuka. Mlendo watsala, woperekeza akupita.

Chimene chinandipsetsa mtima poyamba si mantha ayi, koma mwano wa chinthucho. Galimoto yanji yonyamuka anthu asanatsanzikane? Minibasi yathu, ngakhale yothamanga bwanji, kondakitala amadikira mpaka unene kuti mukapereke moni kwa onse kunyumba. Ndinamenya chitseko ndi chikhatho monga timachitira, pha pha pha, ndikukuwa, "Wotsika! Wotsika alipo! Adalaivala, taimani!" Palibe chinachitika. Anthu anadzutsa mitu, kundiyang'ana kamodzi, n'kubwezeranso maso pamafoni awo. Palibe ngakhale mmodzi wondithandiza kukuwa. Pano munthu akapitirira siteji basi yonse imadzuka, ena kutukwana dalaivala, ena kumenya denga. Kumeneko ungafe uli chiimire anzako akuwerenga.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti palibe kanthu, ikaima kutsogoloku nditsika. Inaimadi. Ndinaima bwinobwino pakhomo, chikwama m'manja, kudikira kuti zitseko zija, poti zimadziwa kudzitseka zokha, zidzitsegulenso zokha. Zinangondiyang'ana. Ti-ti-ti, sitima n'kunyamukanso. Siteshoni yachiwiri, chimodzimodzi, ndinayesa kuzikankha ndi phewa, kuzikoka ndi zala, osatheka. Pa yachitatu m'pamene mtsikana wina wa tsitsi lobiriwira anatambasula dzanja pamwamba pa phewa langa n'kudina kabatani kamene kanali kuwala pafupi ndi mimba yanga nthawi yonseyi, zitseko n'kutseguka. Ndiuzeni, nzeru zake zili pati? Potsekera munthu mkati sizifunsa, koma potulutsa mpaka uzipemphe.

Nditatsika ndinaganiza monga munthu wa pamsewu. Galimoto ikakupitiriza umawoloka n'kukwera yobwerera. Ndinawoloka njanji powolokera anthu, n'kuima. Ina itatulukira ndinatambasula mkono kuibayitsa, n'kuimadi, ine mumtima ndikuti ehee, iyi ndiye yoleredwa bwino. Ndinamva pambuyo pake kuti zimaima zokha paliponse, ubayitse usabayitse. Ndinadina kabatani ngati mwini dziko, kulowa, maso pawindo kufunafuna mayi wa mano. Sitinayende n'komwe, uyo! Akumwetulira pakashedi kagalasi, benchi lomwe lija, nyumba zofiira zomwe zija. Ndinadabwa pang'ono kuti pobwerera njira yafupika, koma ndinati kaya, mwina yadutsa chidule. Ndinatsika.

Asewere kulibe.

Koma inu, mmene ndinapsera mtima! Ndinati basi, apita. Athamangira kukaimba foni kwa mwana wawo kuti uja munkamudalira uja wathawa ndi mwana tsiku loyamba. Mwayi umene ankaufuna ndawapatsa ndekha m'manja. Ndinayamba kukonza mawu oti ndikawalankhule, ena achipongwe ndithu amene sindingawabwereze pano, ndikuyenda mwandawala kulowera kunyumba. Kukhota kumanzere monga tinabwerera, nyumba yachinayi, chitseko chakuda. Ndinamasula kiyi pachitenje, kulowetsa, sakuzungulira. Kuyesanso, kugwedeza chitseko, mkatimo galu n'kuyamba kuuwa. Tereza alibe galu. Katani ya pawindo inasuntha, gogo wina wachizungu akundisuzumira, foni ili kale kukhutu. Mayo ine! Patapata analira phya phya phya mpaka ku siteshoni, sindinacheuke.

Apa n'kuti 12 koloko itadutsa kalekale, Pempho wadzuka, akufuna mkaka wake umene uli m'firiji m'nyumba imene sindikudziwa kumene ili. Analira mwana, kulira kwenikweni kokoka mpweya. Ndinamutsitsa, kumuyangata, kumuimbira, kumuberekanso, osatonthola. Apa ndiye ukali unayamba kusanduka mantha. Dzina la siteshoni yathu sindikulidziwa, dzina la msewu sindikulidziwa, nambala ya Tereza ili mufoni, foni ili patebulo. Ndinakwera sitima yotsatira chifukwa chosowa chochita.

Ndangokhala pansi, n'kulowa anthu awiri a majekete achikasu, bambo ndi mayi, akuyendera anthu mmodzimmodzi ndi kamakina m'manja. Ndinasangalala, ndinati potsiriza makondakitala abwera. Anali oyang'ana matikiti. Mayi uja anafika pa ine n'kutambasula dzanja. Chingerezi changa cha Sitandade 6 chinathawa chonse, n'kutsala moni yekha, ndiye ndinamupatsa moni. Anayankha bwino, dzanja lili chitambasulire. Tikiti ine ndiitenga kuti, ine wokwera si ine, ine ndi woperekeza? Ndinayesa kulongosola zimenezi ndi manja, iye n'kumangoloza chikwama.

Amayi anzanga, ndinapisa m'chikwama cha asewere. Chibadwire sindinapisepo m'chikwama cha munthu, koma tsiku limenelo ndinavundula cha asewere anga pamaso pa sitima yonse. Magolovesi, nthochi, kolona, kenako kakhadi kokwerera sitima. Ndinakapereka. Mayi uja anayang'ana kakhadi, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso kakhadi. Pakakhadipo panali chithunzi cha asewere, magalasi ali pamphuno, akundiyang'ana monga anayang'anira botolo lija.

Nthawi yomweyo foni m'chikwamamo n'kuyamba kulira. Kuitulutsa, pagalasi pali nkhope ya akamwini anga, akuimbira mayi awo, foni zoonana zija. Ine ndiyankhe? Akamwini amene ngakhale m'nyumba timapatsana njira, andione ndili m'sitima ndi mwana wawo akulira, ndagwira foni ya mayi awo? Ndinaivundikira ndi chitenje n'kuikhalira pang'ono kuti isamveke. Bambo wa jekete uja nayenso anabwera. Anayamba kundifunsa pang'onopang'ono, akuloza chinthu chimodzichimodzi, moti ndinkamva.

"Khadi ili ndi lanu?"

"Ayi."

"Foni imeneyo?"

"Ayi."

"Chikwamachi?"

"Ayi."

Anayang'anana. Kenako chala chija chinasuntha n'kuloza Pempho.

Ha! Pamenepo ndiye anandidziwa. Ndinaimirira, Chingerezi ndinachisiya, ndinawalankhula m'Chichewa chenicheni cha kuno ku Dedza kuti ameneyu ndi magazi anga, mayi wake ndinabereka ndekha ku Mayani mvula ikugwa, ayerekeze kumugwira aone. Anamva, chifukwa anabwerera m'mbuyo. Mayi uja anandifunsa mofatsa kuti ndimakhala kuti. Ndinati pa mayi wa mano, ndikuloza mano anga. Sanamve. Mwamwayi sitima inali kuima, ndiye ndinaloza pawindo kuti uyo, uyo apo! Mayi wa jekete anagwedeza mutu, n'kundilozera pamwamba pa mpando wanga. Chithunzi chomwecho. N'kulozanso tsidya lina la njanji, chomwecho. Mayi wa mano ameneyo anali pa siteshoni iliyonse ya mzinda wonse, akungosekerera anthu osochera.

Ndinakhala pansi, mphamvu zonse zitatha. Ndinkaona kale apolisi, Tereza akuitanidwa kuntchito, akamwini atapinda manja, ine ndikutsika minibasi pano pa Linthipe miyezi isanu isanakwane, inu nonse mukundifunsa kuti mwabwerera chiyani msanga. Ndinasenda nthochi ya asewere n'kumamupatsa Pempho pang'onopang'ono ndi chala, poti pa milandu yonse imene ndinali nayo, wa nthochi unali waung'ono. Anatonthola.

Bambo uja analankhula pa wailesi yake ya paphewa, wailesi n'kuyankha, n'kuyamba kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka ku patapata akugwedezera mutu, ngati munthu amene wapeza mbuzi imene inalengezedwa kutchalitchi. Zinapezeka kuti pa siteshoni paja pali kabatani kena koitanira chithandizo, ndipo asewere anali atadina kalekale n'kupereka maonekedwe anga onse. Pa zonse zimene wailesi inanena ndinatolapo mawu awiri, wokalamba ndi wosokonezeka. Wokalamba ine? A Nangozo anavinidwa chinamwali ine ndikusewera fulaye! Ndinafuna kutsutsa, koma munthu wokhalira foni ya eni amatsutsa bwanji? Anandidzutsa, mayi mbali iyi bambo mbali iyo, chikwama anandinyamulira, kunditsitsa, kundiwolotsa, kundikwezanso ina, mpaka kukanditula pamene ndinayambira. Ine amene ndinatuluka kukaperekeza munthu mmodzi ndinabwerera ndikuperekezedwa ndi anthu awiri a yunifolomu.

Asewere anali pomwe paja ndinawasiya. Sanapite kulikonse. Maola atatu ali chiimire pamphepo, manja m'khwapa poti magolovesi anali ndi ine, milomo itachita kutuwa, sitima iliyonse ikaima akusuzumira m'mawindo. Ndinakonzeka kuti ayambe, mawu anga aja ndinali nawo pakamwa. Iwo chikwama sanachiyang'ane n'komwe. Ananditembenuza, kuvundukula kabulangeti, kugwira mwana patsaya, kenako anagwira dzanja langa n'kunena kuti, "Asewere, mwazizidwatu. Tiyeni msanga, 3 koloko yayandikira." Anandigwira mkono njira yonse ngati ndithawanso.

Tinalowa m'nyumba patatsala mphindi zochepa. Iwo kutenthetsa mkaka, ine kusintha thewera, patapata amatope kuponya kuseri kwa chitseko. Mwana akumaliza botolo, Tereza n'kulowa. Anadabwa kuwapeza apongozi ake.

"Amayi, kodi muli kuno? Bambo a Pempho akuti anakuimbirani simunayankhe."

Ndinayang'ana pansi kudikira kuti mwana achoke m'manja mwanga.

"Foni inali m'chikwama, sindinaimve," anatero asewere akupukuta magalasi. "Macheza anatalika. Mayi akowa mwana amamudziwa, Tereza. Zoyesana mlunguzi zisiyeni, mwana akhale ndi iwowa."

Mukuganiza kuti ndinasangalala? Ndinasangalala, inde, misozi inalengeza, koma pansi pake ndinapsanso mtima. Mawu onse aja ndinakonza m'njira, okoma bwino, ndiwatayira kuti? Munthu amene ndakhala ndikumujeda zaka zinayi chikwatiwire Tereza, n'kundichita zoterezi? Mpaka lero pakamwa panga sipatha kunena choipa cha a Nangozo, ndipo mukudziwa mmene zimenezi zikundivutira ine.

Atamwa tiyi wina anaimirira kuti azipita. Ine ndinakhala phee pampando, manja pamiyendo. Tereza anandiyang'ana, n'kundiyang'ananso, kenako anandinong'oneza mokweza, nkhope ili ndi manyazi.

"Amayi, simuwaperekeza apongozi anga? Mwayamba liti khalidwe limeneli? Afikitseni pa siteshoni pokhapa, pafupi pomwepa."

"Ayi!" Tinakuwa tonse awiri nthawi imodzi, asewere atakumbatira chikwama chawo pachifuwa ndi manja onse.

Tereza mpaka pano amati mayi ake kunja kunawawononga, anasiya ulemu. Ndimangovomera, ndipo amene akamuuze zoona zake asadzabwerenso pabenchi langa kudzapempha basera. Miyezi yanga ndinamaliza yonse, Pempho ndinamusiya akuyenda. Koma ndinalumbira, ndipo ndikubwereza pano nonse mukumva. Mlendo wanga aliyense, kaya ndi asewere kaya ndi abambo mfumu, ndidzamuperekeza mpaka pamene ndikuonabe denga la nyumba yanga. Katundu anyamule yekha, malo akadzigwirire yekha.